Kujambula mkati mwa Salisbury Cathedral: zipilala ziongoke, mazenera asapse

Matchalitchi a kamangidwe ka Gothic anawamanga kuti maso a munthu azithamangira kumwamba, ndipo n'chifukwa chake amavuta kujambula. Mukangolowa, manja amakweza kamera okha kuti denga lilowe, ndiye pa chithunzi zipilala zonse zimapendekera mkati. Vuto lina ndi kuwala: mazenera amawala kwambiri pomwe m'mbali muli chimdima. Diso limaona zonse ziwiri nthawi imodzi, kamera siingathe. Malangizo awa atsata tchalitchi chimodzi, Salisbury Cathedral cha ku Wiltshire kumwera kwa England, osati Salisbury uja amene lero ndi Harare. Manambala a kamera amene ali muno angakuthandizeninso m'matchalitchi a ku Wells ndi ku Lincoln ku England kapena ku Chartres ku France, bola muwasinthe malinga ndi msinkhu wa denga ndi mdima wa kumeneko.

Idziweni nyumbayo kamera isanatuluke m'chikwama

Mbali yaikulu ya tchalitchichi inamangidwa kuyambira 1220 mpaka 1258, zaka 38 zokha, moti kamangidwe kake n'kamodzi kuchokera kukhomo la kumadzulo mpaka kuseri kwa guwa. Kwa wojambula zimenezi zikutanthauza mizere yobwerezabwereza, ndipo pa mizere yotere kupendekeka kochepa kumaonekera msanga. Miyala ilipo ya mitundu iwiri: wotuwa woyererako wa ku Chilmark, ndi wakuda wosalala wa ku Purbeck umene anapangira timizati toonda tozungulira zipilala. Wakudawo umanyezimira, woyerawo umamwaza kuwala. Denga la holo yaikulu ya pakati, imene eni ake amaitcha nave, lili pa mamita pafupifupi 25. Ndi lalifupi poyerekeza ndi la ku Chartres la mamita 37 kapena la ku Amiens la mamita 42, choncho kuno lenzi yotambalala imakwanira popanda kuvutika kwambiri.

Magalasi ambiri akale a mitundu anachotsedwa, makamaka pa nthawi imene katswiri wa zomangamanga James Wyatt ankakonza tchalitchichi cha m'ma 1790. Akatswiri a mbiri amadandaula nazo mpaka lero, koma wojambula amapindulako: mkati mumawala kuposa ku Chartres, ndipo palibe chipupa chotchinga pakati, moti mukaima kumadzulo mumaona mpaka zenera la buluu la kum'mawa.

Yendani kaye mphindi 15 kamera ili m'chikwama. Onani komwe dzuwa likulowera, komwe aika mipando, zikwangwani ndi zingwe, komwe magulu a alendo amaima nthawi yaitali.

Nthawi yopitira

Guwa lili kum'mawa, khomo lalikulu kumadzulo. Ku England dzuwa limadzera kumwera chaka chonse, mosiyana ndi ku Malawi kumene miyezi yambiri limadzera kumpoto, ndiye amene anazolowera kujambula mu St Michael and All Angels ku Blantyre kapena mu St Peter's ku Likoma atembenuze zimene akudziwa. Mazenera a kumwera ndiwo amalowetsa dzuwa masana, ndipo kuwalako kumakagwera pa zipilala za kumpoto. Mu Disembala dzuwa la masana limakwera madigiri 15 okha, limalowa chopingasa n'kufika kutali mkati, koma pofika 4 koloko lalowa. Mu Juni limakwera kupitirira madigiri 60, limangogwera pafupi ndi mazenera, ndipo kunja kumawala mpaka 9 koloko usiku.

Tsiku la mitambo yowala ndilo labwino pojambula kamangidwe, chifukwa kusiyana kwa kuwala ndi mdima kumachepa. Tsiku la dzuwa limapereka zithunzi zochititsa chidwi koma zovuta. Fikani akangotsegulira alendo, mabasi asanabwere. Yang'anani ndandanda ya mapemphero pa tsamba la tchalitchicho musananyamuke, poti iyi ndi nyumba yopemphereramo tsiku ndi tsiku. Nthawi ya mapemphero sajambula, ndipo madzulo mbali ya kwaya amaitseka pokonzekera nyimbo. Wansembe akayamba pemphero lalifupi pa chimkuzamawu masana, tsitsani kamera mpaka amalize.

Zida ndi chilolezo

Pa kamera ya full frame, imene sensa yake (kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera) ndi yaikulu, tengani lenzi ya 16 mpaka 35mm ndi ina ya 70 mpaka 200mm. Pa kamera ya sensa yaing'ono ya APS-C, yotambalalayo ikhale ya 10 mpaka 18mm kapena yofanana nayo. Amene ali ndi lenzi ya tilt-shift ya 24mm, imene imatha kukwezedwa kapena kutsitsidwa kamera osapendekeka, ali ndi chida chenicheni cha ntchitoyi, koma si yofunika kuti mpaka mukongole ndalama. Fulashi isiyeni kunyumba: siingawalitse denga la mamita 25, imangoyeretsa mpando umene uli patsogolo panu ndi kusokoneza anthu.

Nkhani ya tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, ifunseni polemba kalata masiku angapo musanapite. Matchalitchi ambiri a ku England amalola zithunzi za munthu payekha koma tripod amafuna chilolezo, ndipo zithunzi zogulitsa zili ndi malamulo akeake. Akakukanizani, kathumba ka mpunga kapena ka nyemba ka theka la kilogalamu kamagwira ntchito: mumakhazikapo kamera pamsana pa mpando kapena pa mwala wa m'munsi mwa chipilala. Pakati pa zipilala za nave pali manda okhala ndi zosema za anthu ogona. Pamenepo musaikepo chilichonse, ngakhale chivundikiro cha lenzi.

Ikani kamera pa RAW (mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene sensa yalandira), pa M (pomwe mumasankha nokha manambala onse), yatsani levulo ya pa sikirini ndi mizere ya grid, zimitsani kulira kwa focus ndi kanyali kothandizira focus.

Chithunzi cha pakati pa nave

Ichi ndicho chithunzi chimene chimaonetsa ngati wojambula anasamala. Imani kumadzulo, muyang'ane kum'mawa, ndipo chitani zinthu motsatana chonchi.

Choyamba pezani mzere weniweni wa pakati. Musadalire mipando, poti amaisuntha tsiku lililonse. Yang'anani kumwamba komwe nthiti za denga, mizere yokhota ya mwala, zimakumana: mfundo zimenezo zimandanda pa mzere wa pakati, ndipo lenzi yanu iyenera kukhala pansi pake ndendende. Pa sikirini, mzere woimirira wa pakati wa grid udutse pa mfundo zonsezo ndi pakati pa zenera la kum'mawa. Ngati ukudutsa pa zenera koma mfundo zapafupi zikuthawira mbali imodzi, ndiye kuti mwaima pambali. Sunthani thupi lonse kapena tripod yonse, osati kutembenuza kamera. Masentimita 10 okha amaoneka pa 16mm, chifukwa chipilala choyamba cha kumanja chimakula kuposa cha kumanzere, ndipo cholakwa chimenechi kompyuta siichotsa.

Kenako ikani kamera pa levulo mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere komanso kutsogolo ndi kumbuyo. Lamulo lake ndi limodzi: sensa ikaima chilili, zipilala zimaongoka, mukaipendeketsa ngakhale madigiri 5, zimayamba kugwa. Ambiri amakana kuchita zimenezi poona kuti theka la chithunzi ladzaza ndi pansi. Musadandaule nazo. Imikani kamera mwa mtali, ikani pa 16mm. Kamera ili pa mamita 1.5 kuchokera pansi, m'mphepete mwa pamwamba pa chithunzi mumakhudza denga pa mtunda wa mamita pafupifupi 21 kutsogolo kwanu, ndipo kuyambira pamenepo denga lonse lalowa. Mukaigoneka kamera mwa m'mbali, denga limayamba kuoneka pa mamita 31. Pansi potsalapo mudzadula pa kompyuta. Chithunzi cha mamegapikiseli 24 mukadula gawo limodzi mwa magawo atatu chimatsala ndi 16, okwanira kusindikiza pa pepala la A3.

Ndi tilt-shift, kamera ikhale pa levulo momwemo, kenako kwezani lenzi mamilimita 8 mpaka 10. Yesani kuwala musanaikweze, chifukwa mita yoyezera kuwala ya mu kamera imanama lenzi ikasuntha. Mukafika kumapeto, pa 12, ngodya za pamwamba zimada ndi kufewa.

Chachitatu ndi focus. Pa 16mm ndi f/8 (nambala ya aperture, kukula kwa bowo la lenzi), mukaika focus pa chinthu cha mamita 3, zonse kuyambira pafupifupi mita imodzi mpaka kuguwa zimatuluka zakuthwa. Pa 24mm ikani pa mamita 5. Kulitsani sikirini, ikani focus ndi dzanja pa m'mphepete mwa chipilala, ndipo musaikhudzenso. Palibe phindu lopitirira f/11: pa f/16 ndi f/22 chithunzi chonse chimayamba kufewa, ndipo nthawi ya shutter, imene kamera imatsegukira kuwala, imatalika pachabe.

Pa tripod yambirani pa ISO 100 (ISO ikakwera, chithunzi chimawala koma chimakhala ndi timadontho), f/8, sekondi imodzi mpaka 4. Gwiritsani timer ya masekondi 2 kuti chala chisagwedeze kamera, ndipo zimitsani stabiliser ya lenzi, yoletsa kugwedezeka, makamaka pa malenzi akale amene amanjenjemera okha akakhala pa chinthu chokhazikika. Pamanja yambirani pa ISO 1600, f/4, 1/60. Gundani phewa pa chipilala, zigongono zikhale pamimba, jambulani zitatu motsatizana. Chapakati nthawi zambiri ndicho chakuthwa. Kukada, kwezani ISO mpaka 3200 kapena 6400 musanatsitse shutter pansi pa 1/20. Timadontho ta ISO yokwera timatsukika pa kompyuta, koma chimbuuzi chobwera ndi kugwedezeka sichichoka.

Anthu odutsa pa shutter ya masekondi 2 amasanduka mizukwa yosaoneka bwino. Kapena dikirani mpata, kapena jambulani zithunzi 6 mpaka 10 kamera isanasunthe, kuti malo aliwonse akhale opanda munthu pa chimodzi mwa izo. Munthu mmodzi woima chapatali ndi wabwino kumusiya, amaonetsa kukula kwa nyumbayo.

Kuteteza mazenera

Pakati pa ngodya ya mdima ndi zenera loonekera kumwamba pamakhala kusiyana kwa masitopu 8 kapena 9 (sitopu imodzi ndi kuwala kowirikiza kawiri), nthawi zina kupitirira. Mita ya kamera imaona mdima wochuluka n'kuwonjezera kuwala, basi mazenera ayereratu. Poyera chonchi palibe chobweza, pomwe pa mdima RAW imatha kukwezedwa masitopu 2 kapena 3 pa ISO yotsika. Choncho ngati mukujambula chithunzi chimodzi chokha, yatsani chenjezo lothwanima la malo opsa, tsitsani kuwala mpaka kuthwanima kuchoke pa magalasi a mitundu ndi pa mwala wozungulira zenera. Magalasi oyera oonekera kumwamba angathwanimebe pang'ono, zilibe kanthu, chifukwa ngakhale diso limawaona oyera.

Kamera ikakhala yokhazikika, jambulani zisanu zosiyana masitopu awiriawiri, mukusintha shutter yokha: 1/60, 1/15, 1/4, sekondi 1, masekondi 4. Aperture musaisinthe, mukatero focus ndi ngodya zimasiyana ndipo zithunzizo sizilumikizana bwino. Onani histogram, galafu yoonetsa mdima kumanzere ndi kuwala kumanja, ya chakuda kwambiri kuti sinagunde kumanja, ndi ya chowala kwambiri kuti yachoka kumanzere. Kuwala kwa sikirini musakukhulupirire: mu mdima sikirini imaoneka yowala ndipo imakunamizani kuti zonse zili bwino.

Zenera lowala likakhala kunja pang'ono kwa chithunzi limachititsa chifunga pa lenzi. Ikani hood, chotchinga kuwala cha pakamwa pa lenzi, chotsani fyuluta ya UV, pukutani galasi la kutsogolo. Kadontho ka mafuta a chala kamene panja sikaoneka, muno kamakoka mizere kuchokera pa nyali iliyonse.

Beseni la ubatizo

Mu nave muli beseni lalikulu la mkuwa looneka ngati mtanda, limene William Pye anapanga ndipo linaikidwa mu 2008. Madzi ake amadzaza mpaka m'milomo ndipo amatsikira m'ngodya zinayi, koma pamwamba amakhala bata, moti denga ndi zipilala zimaonekeramo. Tsitsani kamera mpaka masentimita 10 kapena 15 pamwamba pa madzi. Mukatsika kwambiri m'pamenenso chithunzi cha m'madzi chimakula ndi kuwala. Lamba wa kamera mukulunge kudzanja, ndipo musatsamire beseni, kukhudza pang'ono kumayambitsa timafunde timene timatenga nthawi kuti tithe. Focus isakhale pa madzi. Denga la m'madzimo lili kutali mofanana ndi denga lenileni, ndiye ikani focus pa zipilala za patsogolo, ndi f/8 kapena f/11 kuti malemba a m'mphepete mwa beseni aonekeko. Fyuluta ya polariser ichotseni, ntchito yake ndi kufafaniza chithunzi cha m'madzi chomwe mwadzera. Chithunzi cha m'madzi chimakhala chakuda kuposa chenicheni, ndipo chizikhala choncho. Mukazifananitsa pa kompyuta aliyense amaona kuti n'zopanga.

Pansi pa nsanja

Apa samalani kwambiri. Nsanja yosongoka ya mamita 123, yaitali kuposa ya tchalitchi china chilichonse ku Britain, inawonjezedwa patapita zaka zambiri tchalitchi chitatha, ndipo maziko sanakonzedwere katundu wa matani oposa 6,000. Zipilala zinayi za pamphambano, pomwe nave imakumana ndi mapiko a kumpoto ndi kumwera, zinapindika ndipo kupindikako kumaoneka ndi maso. Imani m'munsi mwa chimodzi, gundani kamera pafupi ndi mizati yakuda ya Purbeck, lozani kumwamba pa 24 kapena 35mm, ndipo mudzaona mzatiwo ukukhota. Kuti woona akhulupirire kuti si lenzi yanama, ikani mzatiwo pakati pa chithunzi, pomwe lenzi siipinda mizere. Mfundo imeneyi muikumbukire pa kompyuta: zipilala izi si zoyezera kuongoka. Mukauza pulogalamu kuti iziongole, ipinda zina zonse.

Denga

Poyang'ana kumwamba pali njira ziwiri zokha zabwino: kamera iloze kumwamba ndendende, kapena ipendekeke kwambiri moti aliyense aone kuti mwachita dala. Zapakati zimaoneka ngati mwaphonya. Pa njira yoyambayo, yalani kansalu pansi, gonekani kamera chagada pansi pa mfundo ya nthiti, fananitsani m'mbali mwake ndi mizere ya miyala ya pansi, ikani timer ya masekondi 10, n'kuchokapo kuti mutu wanu usalowe. Ngati kamera imalumikizana ndi foni, muzionera pa foniyo. Focus ikani ndi dzanja pa mamita 10 kapena kupitirira, f/8, ISO 100. Muimirire pafupi kuti wina asaiponde. Denga la ku kwaya lili ndi zithunzi zozungulira zopentedwa, zimene zinakonzedwanso m'zaka za m'ma 1800 potsata zakale. Apa 35 kapena 50mm imachita bwino kuposa 16.

Pa iPhone, mukayatsa grid ndi levulo, timitanda tiwiri timaoneka foni ikaloza kumwamba. Tikalumikizana ndiye kuti yaongoka. Lenzi ya 0.5 ya mafoni ambiri ndi yofooka mu mdima, choncho ikhazikeni pansi ndi kulola night mode imalize.

Magalasi a mitundu

Kum'mawa kwenikweni, mu Trinity Chapel, muli zenera la Prisoners of Conscience limene Gabriel Loire wa ku Chartres anapanga mu 1980, lokumbukira anthu omangidwa chifukwa cha zikhulupiriro zawo. Ndi la buluu wakuda kwambiri, ndipo limaoneka bwino m'mawa. Bwererani kutali momwe mungathere ndi kugwiritsa lenzi yaitali. Mukaima pafupi mumakweza kamera kwambiri ndipo zenera limaonda kumwamba. Ikani mita pa spot, yoyeza kuwala pa kamalo kamodzi, yezani pa galasi la kuwala kwapakati, osati pa chitsulo kapena pa mwala. Poyambira pabwino ndi ISO 400, f/5.6, 1/125. White balance, yowongolera mtundu wa kuwala, ikani pa daylight, chifukwa ya auto imaona buluu wochuluka n'kuyesa kumuchotsa. Yang'anani histogram ya mitundu itatu payokhapayokha: buluu ndi kufiira zimapsa msanga pomwe histogram yoyera ikuonetsa kuti zonse zili bwino, ndipo zikapsa galasi limataya maonekedwe ake n'kungokhala chigamba cha mtundu umodzi. Mwala wozungulira ukada, ulekeni ude.

Nyali zosakanikirana

Pa muyezo wa mtundu wa kuwala (K), kuwala kwa mazenera kuli cha pa 5500K kapena kupitirira pa tsiku la mitambo, pomwe nyali za mkati zili cha pa 3000K. Mukatsata mazenera, ku kwaya kumafiira. Mukatsata nyali, nave imasanduka buluu. Pa RAW yambirani pa 4200K, kenako konzani mbali iliyonse payokha, koma musafafanize kusiyanako konse, poti ndiko kumapatsa chithunzi kuzama. Magetsi a ku Britain ndi a 50Hz, ndipo nyali zina za LED zimaphethira. Mukaona mizere yopingasa pa chithunzi, chokani pa shutter yachete ya electronic, bwererani ku ya makina, ndipo gwiritsani 1/50 kapena 1/100.

Mu Chapter House, chipinda cha mbali 8 chimene denga lake limatuluka pa mzati umodzi woonda wa pakati, ndimo amasungira Magna Carta ya 1215, chikalata chakale cha ufulu ndi malamulo ku England, chimodzi mwa zinayi zimene zatsala. Chikalatacho sajambula. Za chipindacho funsani oyang'anira. Akalola, gundani msana pa chipupa, ikani mzati pakati ndendende, ndipo ndi lenzi yaitali tengani zosema za nkhani za mu Genesis ndi Eksodo zimene zazungulira pamwamba pa mipando ya mwala. Wotchi yachitsulo ya cha m'ma 1386 ili m'mbali ya kumpoto ya nave. Ndi yakuda pamalo a mdima, ndiye chotsani sitopu imodzi pa zimene mita ikunena kuti chitsulo chisatuwe.

Pa kompyuta

Ndondomeko yake ndi yofunika. Yambani ndi lens profile kuti kupindika kwa lenzi kuchoke, chifukwa kuongola mizere yokhota sikutheka. Kenako lumikizani zithunzi zisanu zija ngati munajambula motero. Pambuyo pake m'pamene muongole: mu pulogalamu ya Lightroom gwiritsani Guided, mu ya darktable, imene ndi yaulere, gwiritsani rotate and perspective, ndipo jambulani mizere iwiri pa zipilala za nave zapafupi, chimodzi kumanja china kumanzere. Ngati munapendeketsa kamera kupitirira madigiri 15 kapena 20, musaongole zonse. Pamwamba pamatambasuka, pamataya kuthwa, ndipo nyumbayo imaoneka ngati ikukugwerani. Siyani kupendekeka pang'ono.

Pokweza mdima, imani pomwe mizati ya Purbeck ikadali yakuda kuposa mwala wa Chilmark moonekeratu. Ikayamba kufanana, kapena mukaona mkombero wowala mozungulira mazenera, mwapitirira. Kuongola kumasinthanso msinkhu, kumatha kufupikitsa kapena kutalikitsa zipilala osazindikira. Yerekezani ndi chithunzi china chimene munajambula kamera ili pa levulo: yezani m'lifupi mwa nave ndi msinkhu wa chipilala chimodzi pa zithunzi zonse ziwiri, ndipo mu pulogalamuyo sunthani Aspect, yosintha utali ndi m'lifupi, mpaka zigwirizane musanadule pansi potsala paja.